Mtengo ndi phulusa pansi pa dzina limodzi

M'Chingerezi muli kaliwu ka zilembo zitatu, ash, kamene ambiri a ife tidakumana nako kusukulu ya pulaimale, aphunzitsi natiuza kuti tanthauzo lake ndi phulusa. Sadaname ayi. Koma mlimi wa kumudzi ku England mukamutchulira liwu lomweli, akhoza kukulozerani mtengo waukulu wobiriwira umene waima m'mphepete mwa munda wake. Mtengo wamoyo ndi zotsala za moto zikugawana dzina limodzi.

Munthu wofulumira kuganiza anganene kuti mtengowo adautcha choncho chifukwa khungwa lake ndi lotuwa, kapena chifukwa nkhuni zake zimasiya phulusa lochuluka. Maganizo otere amakoma m'khutu, koma akatswiri a mbiri ya ziyankhulo amawakana. Iwo amati awa ndi mawu awiri obadwa kosiyana amene adangokumana panjira nayamba kufanana nkhope. Ifenso zotere sizachilendo kwa ife, paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa thumba la feteleza timazitchula mofanana, ndipo palibe amene amapita ndi nkhwangwa kugolosale.

M'Chingerezi chakale, chimene chinkayankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, kusiyanako kunkamveka. Phulusa linkatchedwa æsce, pomwe mtengo unkatchedwa æsc. Popita kwa zaka mazanamazana Angerezi adasiya kutchula kalembo kakumapeto kaja, monga adachitira ndi mawu ena ambiri, ndipo mawu awiriwo adasanduka amodzi. Abale awo a ku Germany mpaka lero amasiyanitsa: phulusa ndi Asche, mtengo ndi Esche. Ku Sweden nakonso amati aska ndi ask.

Tiyambe ndi phulusa. Akatswiri atayerekeza ziyankhulo za ku Ulaya, za ku Iran ndi za kumpoto kwa India, adapeza kuti zambiri zidachokera ku kholo limodzi lomwe silidalembedwepo paliponse. M'chiyankhulo chimenecho mudali tsinde la liwu lotanthauza kupsa kapena kuuma, ndipo ash wa phulusa ndi mdzukulu wake. Kuchokera ku tsinde lomwelo Aroma adapeza arere, kuuma, kumene kudabala arid, liwu limene Angerezi amanenera dziko louma ngati chipululu. Adapezanso ardere, kuyaka, kumene kudabala arson, mlandu wotentha nyumba mwadala, komanso ardent, munthu woyaka ndi changu. Wotentha nkhokwe ya mnzake ndi wolalikira mwamoto, mayina awo ndi a m'banja limodzi.

Chimene chatichititsa chidwi kwambiri ndi mbale wina wa m'banjamo. Akatswiri ambiri amaika m'gulu lomweli liwu la Chilatini lakuti ara, kutanthauza guwa lansembe, pamodzi ndi liwu limene Ahiti akale, amene ankakhala m'dera lomwe lero ndi Turkey, ankatchulira malo osonkhapo moto m'nyumba. Ndiye kuti m'maganizo a anthu akalewo guwa silidali tebulo loyalidwa nsalu yoyera ndi maluwa monga talizolowera ife. Lidali malo amene chinthu chimapsa n'kutha, pamene m'mawa mwake pamapezeka phulusa.

Chihebri sichili m'banja la ziyankhulo limeneli, koma aliyense wowerenga Levitiko 6 adzaona chithunzi chomwecho. Ntchito yoyamba ya wansembe m'mawa sidali kulalikira. Ankavala zovala zake za bafuta, n'kuwola phulusa la nsembe yausiku, n'kuliika pambali pa guwa. Kenako ankasintha zovala, n'kulinyamula kupita nalo kunja kwa misasa, kumalo oyera. Tonsefe amene tidakulira pamafuwa tikudziwa chifukwa chake: moto suyaka bwino pamwamba pa phulusa ladzulo. Koma taonani ulemu umene phulusalo linkalandira. Silinkatayidwa kudzala. Munthu wodzozedwa ndiye ankalinyamula, popeza lidali umboni wakuti chimene chidaperekedwa chidalandiridwa chonse.

Phulusa lilinso ndi ntchito yotsuka, ndipo Chingerezi chidasunga mbiri imeneyi m'liwu lina. Kale ku Ulaya anthu ankathira madzi paphulusa la nkhuni, madzi osefekawo nawawiritsa mumphika mpaka ataphwa, ndipo pansi pankatsala mchere woyera wopangira sopo ndi magalasi. Mcherewo adautcha potash, ndiye kuti phulusa la mumphika. Mu 1807 katswiri wa sayansi Humphry Davy adatulutsamo chitsulo chofewa chimene adachitcha potassium, chomwe alimi amachidziwa ngati chimodzi mwa zakudya zitatu zazikulu za mbewu m'feteleza. Amayi athu akamacheza chidulo chophikira therere, akuchita theka loyamba la ntchito yomweyo, ngakhale sadamvepo za Davy. Buku la Numeri 19 nalonso limalamula kuti phulusa la ng'ombe yaikazi yofiira lisungidwe kuti lizisakanizidwa ndi madzi oyeretsera munthu amene wakhudza mtembo, ndipo wolemba Ahebri, pa mutu 9, amatchula mwambo umenewu pofuna kuonetsa kupambana kwa magazi a Khristu. Chizindikiro cha imfa chomwecho ndicho chinkachotsa chidetso cha imfa.

Tsopano titembenukire kumtengo. Ash ndi umodzi mwa mitengo yofala kwambiri ku Britain ndi ku Ulaya, ndipo ukapeza nthaka yabwino umatalika mpaka mamita 30 kapena kuposa. Thabwa lake ndi lolimba koma limapindika osathyoka, ndipo limameza mphamvu ya nkhonya, n'chifukwa chake akhala akulisankha popanga mipini ya nkhwangwa ndi nyundo, nkhafi za ngalawa ndiponso magudumu a ngolo. Liwu lake lidachokera ku tsinde lina, la mayina a mitengo, ndipo abale ake ndi ornus wa Chilatini ndi yasen wa Chirasha.

Kwa Angerezi akale, komabe, mtengowu udali choyamba mtengo wa nkhondo. Mikondo yawo inkasemedwa kuchokera ku mtengo umenewu, kotero kuti m'ndakatulo zawo liwu lakuti æsc linkangotanthauza mkondo. Linkatanthauzanso ngalawa za ankhondo a ku Denmark ndi Norway, aja otchedwa ma Viking, amene ankafika usiku kudzafunkha midzi ndi nyumba za amonke. Mbiri yawo yakale imasimba kuti cha m'ma 896 Mfumu Alfred idalamula kuti akhome ngalawa zazitali zoti zikalimbane ndi ngalawa za adanizo, ndipo pozitchula imagwiritsa ntchito liwu lomweli. Mayi wa m'mphepete mwa nyanja akamva liwu limeneli usiku sankaganiza za mthunzi. Ankanyamula mwana n'kuthawira kutchire.

Mtengowu udapatsanso dzina chilembo. Chilembo chija chooneka ngati a ndi e zomatirana, æ, Angerezi amachitcha ash mpaka lero, dzina limene chidalandira kuchokera ku zilembo zakale zozokota pamiyala ndi pamitengo. M'Chingerezi chidafa, koma ku Denmark, Norway ndi Iceland chikadali moyo. Mayina a malo ndi a anthu nawonso adasunga mtengowu: Ashford, Ashton, Ashby. Makolo amene adatcha mwana wawo Ashley asade nkhawa kuti adamutcha mwana wa phulusa, popeza dzinalo limanena za dambo kapena malo olambulidwa pakati pa mitengo ya ash. Ndipo Aseri, mwana wa Yakobo, amene Angerezi amalemba Asher, alibe gawo m'nkhani imeneyi. Dzina lake ndi la Chihebri, lonena za chimwemwe.

Anthu a kumpoto aja, asadalandire Uthenga, ankakhulupirira kuti dziko lonse lidagwiridwa ndi mtengo waukulu wa ash wotchedwa Yggdrasil. Nthano zawo, zimene Snorri Sturluson wa ku Iceland adazilemba cha m'ma 1220, zimati milungu idapeza zipika ziwiri m'mphepete mwa nyanja nizipatsa mpweya. Mwamuna woyamba adatchedwa Ask, ndiye kuti mtengo wa ash, ndipo mkazi adatchedwa Embla. Taganizani tsono za mlaliki woyamba kuima pamaso pa anthu amene ankadzitenga kuti adasemedwa kuchokera ku mtengo wa mikondo, n'kuwauza zimene Genesis amaphunzitsa, kuti munthu adaumbidwa ndi dothi ndipo adzabwerera komweko. Uthenga umenewu sukadawakomera. Abrahamu, popembedzera Sodomu mu Genesis 18, adadzitcha fumbi ndi phulusa. Yobu adakhala paphulusa. Mfumu ya Nineve idatsika pampando wake nikhala paphulusa. Tamara, atachitidwa chipongwe ndi mlongo wake Amnoni, adadzithira phulusa kumutu. Palibe mwa anthu amenewa amene akadakhala ngwazi m'nthano za ma Viking.

Komabe mbadwo udafika pamene zidzukulu za anthu a mikondo zidayamba kuweramitsa mitu kuti zilandire phulusa. Mmodzi mwa mboni zakale za mwambo wa Lachitatu la Phulusa ndi mmonke wa ku England wotchedwa Ælfric, amene adalemba m'Chingerezi chakale cha m'ma 990 ndipo pambuyo pake adakhala mkulu wa amonke ku Eynsham. Iye amafotokoza kuti pa tsikulo ansembe ankadalitsa phulusa n'kuliika pamitu pa anthu kuti akumbukire kumene adachokera. Amasimbanso za munthu wina wa m'nyumba ya bishopu amene adakana kupita kukalandira phulusalo. Sabata yomweyo ali paulendo agalu adamuukira, ndipo podziteteza mkondo wake udazikika pansi, kavalo namukankhira pamkondowo, nafa. Ife sitikuvomereza kuti ngozi iliyonse ndi chilango, ndipo Yesu mwini, mu Luka 13, adakana maganizo otere pokamba za anthu amene nsanja ya Siloamu idawagwera. Koma nkhaniyi yatikhudza pa chifukwa china. M'chiyankhulo cha Ælfric munthuyo adakana æsce, ndipo chida chimene chidamupha ndi chija alakatuli a kwawo ankachitcha æsc.

Mu 1091 msonkhano wa mpingo ku Benevento, motsogozedwa ndi Papa Urban II, udalamula kuti pa tsikulo onse, amuna ndi akazi, ansembe ndi anthu wamba, azilandira phulusa. Kale lidali la ochimwa odziwika okha amene ankalapa poyera. Kusinthaku sikudali kochepa, chifukwa kudatanthauza kuti bishopu ndi wakuba aime pamzere umodzi. Mwambo udakhazikikanso wakuti phulusalo lizichokera ku kanjedza wa Lamulungu la Kanjedza la chaka chapita, kotero kuti masamba amene anthu adakupiza pokondwera ndi omwe amabwerera pamphumi pawo atapsa.

Ku England mwambowu udadukizidwa. Mu 1548, mu ulamuliro wa Mfumu Edward VI imene idali mwana, akuluakulu a boma adaletsa phulusa, kanjedza ndi makandulo a madyerero. Okonzanso mpingo ankaopa kuti anthu akudalira chizindikiro m'malo mwa kulapa kwenikweni, ndipo adali ndi poimira, popeza mu Mateyu 6 Ambuye amachenjeza osala kudya kuti asambe kumaso kuti anthu asawaone. Chodabwitsa n'chakuti ndime yomweyi ndiyo imawerengedwa m'matchalitchi amene amapaka phulusa pa tsikulo. Mkanganowu udafika kuno kwathu ndi amishoni, ndipo mpaka lero ena a ife timapita kuntchito ndi mtanda wotuwa pamphumi pomwe ena timauyang'ana mokayikira. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zikuopa chinthu choyenera kuopedwa: ena akuopa kuiwala kuti adzafa, ena akuopa kudzionetsera.

Phulusa litachotsedwa pamphumi, lidatsalabe pamanda. Buku la mapemphero la mpingo wa England la 1549, lokonzedwa ndi Thomas Cranmer, ndilo lidafalitsa mawu aja oikira maliro amene amatchula dothi, phulusa ndi fumbi motsatizana. Ambiri amaganiza kuti ndi vesi, ndipo ena amalifunafuna m'Baibulo osalipeza. Pa nthawiyo phulusa m'mawu amenewa lidali fanizo chabe, chifukwa Angerezi ankakwirira akufa awo. Kutentha mitembo kudayamba ku Woking mu 1885, pakati pa mkangano waukulu. Mkangano womwewu ndiwo udakometsa nthabwala imene idabala dzina la mpikisano wa masewero a cricket pakati pa England ndi Australia: England itagonja pakhomo pake mu 1882, nyuzipepala ina ya ku London idalemba uthenga wa maliro wonyogodola, kuti masewerowo amwalira ndipo phulusa lake lipita ku Australia. Mpikisanowo umatchedwa The Ashes mpaka lero.

Masiku ano maliro oposa atatu mwa anayi alionse ku Britain amatha ndi kutentha thupi, kotero kuti Mngerezi akati ashes nthawi zambiri akunena kabokosi kamene wanyamula m'manja. Mpingo wa Katolika udalola mchitidwewu mu 1963, ndipo mu 2016 udalangiza kuti phulusa la womwalira lisungidwe pamalo opatulika, osati kumwazidwa kapena kuikidwa pashelefu kunyumba. Abale athu okhala ku London kapena Manchester funso limeneli limawafikira pa tsiku lowawa, pamene ayenera kusankha pakati pa ndalama zambiri zotumizira thupi kumudzi ndi kabokosi kokwana m'chikwama, achibale kuno akudikira ndi makasu.

Pali malo amodzi pamene mawu awiri aja, mtengo ndi phulusa, amakumana m'Malemba, ndipo ndi m'Baibulo la Chingerezi la King James la 1611. Mtengo wa ash umatchulidwa kamodzi kokha m'Baibulo lonselo, pa Yesaya 44:14. Liwu la Chihebri pamenepo ndi oren, limene Jerome m'Chilatini adalimasulira kuti paini, ndipo Mabaibulo atsopano amaikapo paini, mkungudza kapena mtengo wina. Akatswiri ena amaganiza kuti omasulira a 1611 adakokedwa ndi kufanana kwa oren ndi ornus. Mwina adaphonya mtundu wa mtengo, koma kuphonyako kudabala chinthu chimene wowerenga Chingerezi sangachilambalale, chifukwa mavesi asanu ndi limodzi kutsogolo, pa vesi 20, mneneri amati munthu yemwe adadzala mtengowo akudya phulusa.

Tiyeni tiime pang'ono pa ndime imeneyi. Munthu amene Yesaya akumujambula si waulesi, komanso si wakuba. Adadzala mtengo ndi manja ake, mvula niukulitsa. Adaudula, gawo lina nasonkha moto n'kuwotha, gawo lina naphikira mkate ndi kuwotcha nyama, nadya, nakhuta. Mpaka apa palibe tchimo. Mtengo wagwira ntchito imene udalengedwera. Vuto likubwera ndi chotsala. Munthuyo akuyang'ana chipika chimene sichidalowe pamoto, akuchisema, akuchigwadira, n'kuchipempha kuti chimupulumutse. Mneneri akudabwa kuti munthuyo sakutha kuphatikiza zinthu ziwiri zimene zili pamaso pake: mulungu wake ndi phulusa la pamafuwa pake ndi mtengo umodzi, ndipo chikadagwira dzanja mbali inayo, mulunguyo ndiye akadaphika mkate.

Ambiri a ife sitidasemepo fano, n'chifukwa chake ndimeyi timaiwerenga mosekerera anthu akale. Koma zimene timadzala ndi manja athu, mvula ya Mulungu nizikulitsa, tili nazo: munda, kagolosale, satifiketi, udindo kuntchito kapena kumpingo, nyumba ya malata, ngakhale ana. Zonsezi ndi zabwino kuwotha ndi kuphikira. Mphindi imene tiyamba kuzipempha kuti zitipulumutse, kutiuza kuti ndife yani ndi kutichotsera mantha a imfa, tazisenzetsa katundu amene thabwa silinganyamule. Kudya phulusa si kufa ndi njala msanga. M'kamwa mumadzaza, nsagwada zimagwira ntchito, munthu amaoneka ngati akudya, koma thupi likuwonda.

Yesaya ankadziwa kusewera ndi mawu m'chiyankhulo chake. Pa mutu 61 vesi 3, polonjeza olira a ku Ziyoni, amaika pamodzi mawu awiri a zilembo zitatu zofanana zongosinthana malo: efer, phulusa, ndi pe'er, chisoti chokongola cha kumutu. Wolira ankathira phulusa pamutu. Pamutu pomwepo padzakhala chisoti. Ndipo vesi lomwelo limapitiriza kuwatcha anthuwo mitengo yodzalidwa ndi Yehova. M'mutu 44 munthu adzala mtengo n'kutsirizira paphulusa. M'mutu 61 Mulungu ayambira paphulusa n'kutsirizira pamtengo.

Nanga mtengo weniweni wa ash uli bwanji lero? Uli pamavuto. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 anthu ku Poland adaona mitengoyi ikuuma kuyambira kunsonga. Woyambitsa matendawo ndi kabowa kakang'ono kochokera kum'mawa kwa Asia, kamene tinjere take timauluka ndi mphepo. Mu 2012 matendawo adatsimikizika ku Britain, pa mbande zimene zidaitanitsidwa kuchokera ku Netherlands, ndipo akatswiri amayembekeza kuti mitengo yambiri ya mtunduwu m'dzikolo idzafa. Ku America nako kachilombo koboola khungwa, kamene kadapezeka ku Michigan mu 2002, kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri. M'mphepete mwa misewu ndi njanji ku England mitengo yodwala ikudulidwa kuti isagwere anthu, ndipo yochuluka ikuthera pamoto ngati nkhuni, paja ash amatchuka kuti amayaka bwino ngakhale asadaumitsitse.

Pakati pa mitengo youmayo, apa ndi apo pamapezeka umodzi umene matendawo sakuugonjetsa. Akatswiri a zankhalango akhala akuyendayenda kufunafuna mitengo yotere, kudula tinthambi take n'kutimezanitsa pa mizu ina. Mu 2020 adadzala mitengo pafupifupi 3,000 yochokera ku tinthambi timeneti pamalo amodzi m'chigawo cha Hampshire, ndipo akuiyang'anira kuti aone imene idzapirire n'kubala mbewu.